Pakhonde pa Azakhali: Akuti ntchito yake ndi ya zinthu zosaoneka

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 31, ndimaphunzitsa pa sekondale ina kuno ku Zomba. Ndili pa ubwenzi ndi mtsikana amene tinadziwana tili ku koleji. Iye mutu wake umagwira kwambiri pa za sayansi, moti anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku Ulaya, ndipo atamaliza analembedwa ntchito ku Netherlands, pa kampani ina yofufuza za tizipangizo ta m'kati mwa mafoni ndi makompyuta. Kwathu ndi kwawo nkhani yathu akuidziwa, amalume anakaonekera kale, changotsala ndi chinkhoswe.

Koma Azakhali, mtima wanga suli m'malo. Ndikamuimbira masana sayankha, mwina mpaka dzuwa kupendeka. Akuti foni salowa nayo mogwirira ntchito. Nthawi ya kumeneko ndi ya kuno n'chimodzimodzi, ikasiyana ndi ola limodzi lokha, ndiye sanganamizire tulo. Masiku ena amati ali kuntchito usiku chifukwa ndi pamene makina apezeka. Makina anji ofuna mtsikana usiku? Ndikafunsa chimene akupanga amati anasainira kuti sadzaulula. Ndikaumirira amangoseka, amvekere ngakhale nditakuonetsa sungachione, n'chaching'ono kuposa chimene diso lingaone, akuti nanotechnology. Zodzoladzola ndi perefyumu anasiya, chonsecho kuno sankatuluka m'nyumba asanadziphode. Chithunzi chimene ananditumizira wavala chinthu choyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kungotsala maso, ali m'chipinda cha magetsi achikasu. Mayi atachiona anafunsa ngati walowa mpingo wachilendo. Anzanga kuntchito akuti ndinatayidwa kalekale, pali mzungu. Kodi ndithetse ndisanachite manyazi?

Ndine Wosowa Tulo, Zomba.

Mwana wanga Wosowa Tulo,

Khala pansi kaye, umwe madzi. Kalata yako ndaiwerenga mpaka kumapeto ndikusakasaka mzunguyo, koma sindinamupeze. Ndapezamo mtsikana wolimbikira ntchito, mayi wodabwa, anzako a pakamwa, ndi mphunzitsi amene tsiku ndi tsiku amauza ana a eni kuti safunsa anadya phula, iye mwini phula lili m'kamwa tho.

Makalata a nsanje ndawawerenga ambiri pakhonde pano, mpaka magalasi anga anatopa nawo. Onse amafanana: Azakhali, wayamba kudziphoda kwambiri, wagula perefyumu wachilendo, akutchena ngati akupita ku ukwati pomwe akuti akupita kumsika. Iwe ndiwe woyamba kundilirira kuti mkazi wasiya kudzola ndiye kuti wapeza wina. Mwamuna wake ameneyo ndi wotani, woti mtsikana pokakumana naye amavala thumba kumutu n'kubisa ndi mphuno yomwe?

Poti ndiwe mphunzitsi, bwereka rula kwa mwana wa Fomu 1. Yang'ana timizere tothithikana tija ta milimita. Kampata ka pakati pa timizere tiwiri ukagawe m'zigawo 1,000,000. Chigawo chimodzi ndiye nanomita. Tsitsi limodzi la m'mutu mwako, lomwe layamba kuthothoka ndi maganizoli, kunenepa kwake ndi mananomita pafupifupi 80,000. Chikhadabo chako chimakula pafupifupi nanomita imodzi pa sekondi iliyonse, kotero pamene wawerenga ndime ino chakula ndithu, koma sunaone kanthu. Ndiye mwana wa eni akamati sungachione, sakukupeputsa. Nayenso sachiona ndi maso ake. Amachita kuchionera pa makina.

Nanga amavutikiranji ndi zinthu zoterozo? Yankho lili m'foni yakoyo, yomwe ukumusowetsa nayo mtendere. M'kati mwake muli kachidutswa ka silicon kotchedwa chip, ndipo m'kachidutswamo muli tiswitchi tamagetsi totchedwa matransistor, timene ntchito yake ndi kutsegula ndi kutseka njira ya moto basi. Zonse zimene foni imachita, kuwerengera, kujambula, kukuonetsa kuti uthenga wako wafika koma sunawerengedwe, zimachokera pa kutsegula ndi kutseka kumeneko. Transistor yoyamba inapangidwa ku Bell Labs ku America mu 1947, ndipo inali yoti munthu n'kuiona ndi maso, n'kuinyamula m'manja. Mu 1971 kampani ya Intel inatulutsa chip yokhala ndi matransistor 2,300, anthu n'kuomba m'manja kuti zafika pena. Mu 2021 IBM inaonetsa luso loti pa chip ya kukula kwa chikhadabo pakwane matransistor mabiliyoni 50. Tiswitchi timeneti tikamachepa timalowa tambiri pamalo amodzi, foni imachita zambiri, batire silitha msanga. Mnzakoyo ali m'gulu la anthu amene amadzuka m'mawa uliwonse kukayesa kuchepetsanso chimene ena anati apa ndiye chafika pothera.

Tsopano za chovala chimene chadabwitsa mayi akocho. Chinthu chikachepa choncho, mdani wake wamkulu ndi fumbi. Kafumbi kamodzi kamene iwe sungakaone, kakagwera pa chip imene ikupangidwa, kuli ngati ng'ombe yagona pa bedi la nazale ya fodya: mbande zonse zapita. Ndipo amene amabweretsa fumbi lambiri m'chipinda chimenecho ndi munthu. Khungu lathu limafunduka timafundufundu tsiku lonse, tsitsi limagwa, polankhula timalavula timate. Ndiye munthu asanalowe amamukulunga yense, magolovesi m'manja, chophimba kukamwa, nsapato zapadera. Chovalacho cholinga chake chachikulu n'kuteteza chip kwa iye. Paudala ndi woletsedwa chifukwa ndi fumbi lenileni lochita kugula ndi ndalama. Perefyumu, zopaka m'milomo ndi m'zikope n'zoletsedwa. Pensulo ndi pepala wamba nazonso sizilowa. Mpweya wa m'menemo amausefa, umatsika kuchokera kudenga n'kutulukira pansi usana ndi usiku. Magetsi achikasu aja si a ku malo ovinira, mwana wanga. Pojambula njira za moto pa silicon amapakapo mankhwala amene amasintha akaombedwa ndi kuwala kwina kumene kuli m'magetsi oyera, ndiye amaika achikasu kuti ntchito isaonongeke isanayambe.

Kuvala zonsezo si kwa mphindi imodzi, ndipo kuvula n'chimodzimodzi. Iwe ukufuna azituluka, avule, ayankhe funso lako loti uli kuti, avalenso, abwerere, pakangopita ola limodzi uimbenso? Komanso m'malo oterowo muli mankhwala oopsa. Alipo asidi wina amene amagwiritsa ntchito posungunula zinthu pa silicon, woti akakudonthera pakhungu amalowerera mpaka kufupa. Munthu amene wanyamula zoterozo mtima wake uzikhala pa ntchito. Usamapemphere kuti azikuganizira nthawi imeneyo.

Wafunsa mwaukali kuti makina anji ofuna mtsikana usiku. Ndikuuza, ndipo ukamva mtengo wake uchita ulemu. Kumene aliko mnzakoyo ndi kuchimake kwa ntchito imeneyi. Ku Veldhoven, pafupi ndi mzinda wa Eindhoven, kuli kampani ya ASML, yomwe inayamba mu 1984. Pa dziko lonse lapansi ndi yokhayo imene imapanga makina ojambulira machip apamwamba kwambiri pogwiritsa ntchito kuwala kotchedwa EUV. Kuti kuwalako kupezeke, timadontho ta chitsulo cha tini chosungunuka timaombedwa ndi laser, timadontho 50,000 pa sekondi imodzi, kenako kuwalako kumayenda kudzera pa magalasi opangidwa ndi kampani ya Zeiss ya ku Germany. Makina amodzi oterowo amaposa madola 150 miliyoni a ku America. Ukadutsa malire kulowa mu Belgium, ku Leuven kuli malo ofufuzira otchedwa imec, kumene makampani opikisana okhaokha amatumiza akatswiri awo kukayesera zinthu zatsopano. Sindikuti mnzakoyo amagwira makina a EUV enieniwo, koma m'ntchito imeneyi ngakhale makina ongoonera ndi kuyezera ndi odula moti palibe amene amawalola kugona. Amagwira usana ndi usiku, ofufuza amachita kulembetsa n'kudikira nthawi yawo, ndipo wobwera kumene salandira nthawi yabwino. Akamuuza kuti mpata wapezeka usiku, amathokoza. Ndiye mnzako amene mukulimbirana naye mkazi ndi ameneyo, chimakina chosalankhula.

Za kusainira kuti sadzaulula, pamenepo ndiye unayenera kumunyadira. Kampani imathira ndalama zosaneneka pa kufufuza njira imodzi, zaka n'kumapita. Wina akaimva njirayo pa foni, watola zaulere. Ndipo si nkhani ya makampani okha. Boma la Netherlands silinalole kuti makina a EUV agulitsidwe ku China, ndipo mu 2022 dziko la America linakhwimitsa malamulo ogulitsira machip apamwamba ndi makina ake ku dziko lomwelo. Maboma akuluakulu akukokana pa nkhani imeneyi, iwe ukufuna chinsinsicho chidutse pa WhatsApp kuti mtima wako ukhale pansi? Akaulula n'kudziwika, ntchito yatha, mwina ndi mlandu pamwamba, ndipo kwa mlendo ntchito ikatha mapepala okhalira m'dzikomo amagwedezeka nawo. Komanso taganiza, mwana wanga: mkazi amene amatha kusunga chinsinsi cha abwana ake ngakhale wokondedwa akulira, adzasunganso za m'nyumba mwako. Si amene adzakalengeze pa mjigo kuti aphunzitsi mwezi uno afika pa 10 alibe ndi ya mchere yomwe.

Pali china chimene anthu akunja sadziwa za ntchito yofufuza, ndipo ndikufuna uchimvetse chifukwa chikukhudza mtima wa mnzakoyo. Masiku ambiri zimakanika. Chip imodzi imadutsa m'magawo mazanamazana, ndipo kuti ituluke pamatha miyezi pafupifupi itatu. Munthu amayesa njira yake, n'kudikira masabata, zotsatira n'kubwera zoti sizinatheke, ayambirenso. Matransistor atachepa kwambiri, moto unayamba kudontha podutsa kakhoma kake kotchinga, chifukwa kanali katapyapyala mpaka kutsala maatomu owerengeka. Anthu anavutika nazo zaka, mpaka mu 2007 Intel inasintha n'kuyamba kumanga kakhomako ndi zinthu zochokera ku chitsulo cha hafnium. Sipanapite nthawi vuto linabweranso mwa njira ina, ndiye mu 2011 anachita kuimika transistor chilili m'malo moigoneka. Makina a EUV aja, oyesera anatumizidwa mu 2006, koma mafoni okhala ndi machip opangidwa nawo anafika m'manja mwa anthu mu 2019. Werengera wekha, ndiwe wa choko. Pali anthu amene analowa ntchito tsitsi lili bii, n'kudzaona zipatso zake imvi zili mbuu.

Ndiye tamuone mtsikanayo akutuluka kuntchito mu Disembala. Kumeneko nyengo imeneyo kumada cha m'ma hafu folo, kunja kukuzizira kolowa m'mafupa. Zimene wakhala akuyesa mwezi wathunthu zakanika. Sangauze munthu chifukwa anasainira. Wafika m'kachipinda kake, palibe womulonjera m'chilankhulo cha kwawo, wayatsa foni kuti amve mawu a munthu wake. Wapezamo chiyani? Mndandanda wa mafoni osayankhidwa, ndi uthenga woti unali ndi ndani. Lero apepesa. Mawa afotokoza. Mkuja angoyang'ana foniyo n'kuiika pansi, chifukwa watopa kuzengedwa mlandu umene sanapalamule. Fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika. Ukapitiriza chonchi, mzungu amene kulibeyo umuumba ndi manja ako, chifukwa tsiku lina adzapezeka wina wongofunsa kuti wadya kodi, ndipo funso limenelo lidzamukomera kuposa ako onse.

Basi, ndakukalipira mokwanira, sendera kuno. Chimene chikukusowetsa tulo ndikuchidziwa, ngakhale sunachilembe. Ukuopa kuti sabwera. Ndipo mantha amenewo si opusa ayi. Ntchito imene waphunzirayo kuno kwathu kulibe fakitale yake. Ngakhale mayiko olemera ambiri alibe. Machip apamwamba zedi amapangidwa ndi makampani owerengeka, TSMC ya ku Taiwan, Samsung ya ku South Korea ndi Intel ya ku America. Ndiye ukagona umadzifunsa kuti munthu wazolowera makina a madola mamiliyoni angadzabwerere ku nyumba ya aphunzitsi yodontha? Umadzifunsanso ngati sadzakuona wochepa, iwe wa malipiro a boma. Mafunso amenewa ndi olemera, ndiye m'malo mowafunsa ukufunsa za perefyumu. Amuna mumatero, ndinakuzolowerani.

Funsa funso lenilenilo. Usalifunse pa uthenga wolemba, ndipo usalifunse iye atangotuluka kuntchito. Mugwirizane tsiku, mwina Lamlungu mukaweruka ku tchalitchi, muimbirane moonana nkhope. Uyambe ndi kupepesa, mwachidule, osati chiulaliki. Kenako unene zoona: ndikuopa kuti moyo wako wapita kutali ndi wanga, tiye tikambe kuti tidzakhala kuti. Mayankho alipo angapo ndipo palibe lopanda mtengo wake. Mwina akufuna agwire zaka zingapo, asunge kangachepe, adzabwere kudzaphunzitsa ku yunivesite kapena kuyamba zake. Pamenepo avomereze kuti zina zimene amadziwa sadzazigwiritsa ntchito. Mwina akufuna iwe umutsatire. Pamenepo uvomereze kuti satifiketi yako kumeneko sangaigwadire, mwina udzayambira pansi, chilankhulo chatsopano uli wamkulu kale, ndipo kwa kanthawi wogula ndiwo adzakhala mkazi. Ngati zimenezo zingakudwalitse, nena lero, usadzamulange nazo m'banja. Mwinanso sanaganize n'komwe, akuopa kuyambitsa nkhaniyo monga mmene ukuopera iwe. Walira mvula walira matope, mwana wanga. Unakonda mtsikana wanzeru, unkamuombera m'manja akukhoza mayeso, ndiye matope ake ndi amenewa.

Pa za mafoni, pempha akuuze ndondomeko ya sabata yake: masiku amene akulowa m'chipinda choyera chija, masiku amene ali pa kompyuta, usiku umene walembetsa makina. Zimenezo si chinsinsi cha kampani. Mukatero musankhe nthawi yanu yoimbirana, ndipo uisunge monga umasungira belu la sukulu. Nthawi zinazo tumiza uthenga umodzi wabwino n'kusiya. Umodzi, osati khumi. Ndipo ukamufunsa za ntchito, leka kufunsa chimene akupanga. Funsa ngati lero zayenda, ngati wagona mokwanira, ngati ufa ulipobe. Umupemphenso akuphunzitse zimene zili zololedwa, za m'mabuku zimene aliyense angawerenge. Ukazitengere ana ako m'kalasi, makamaka atsikana, uwauze kuti mwana wa kuno konkuno akugwira ntchito imeneyi. Udzaona mmene adzakukondere akadzamva kuti ukumutchula monyadira.

Komabe ine si wa dzulo, ndipo sindikuuza kuti utseke maso. Pepala limene anasainira limaphimba za kuntchito zokha. Siliphimba Loweruka ndi Lamlungu. Silimuletsa kukuuza kumene amakhala, anthu amene amacheza nawo, tchalitchi chimene amapita, mwezi umene adzabwere ku tchuthi. Silimuletsa kukuonetsa kwa anzake pa foni kuti awa ndiye aja ndimanena aja. Ukadzaona kuti ndi zimenezinso akuti n'zachinsinsi, ukatchula za chinkhoswe akusintha nkhani, miyezi ikupita osafuna kutchula ngakhale chaka, pamenepo udzandilemberenso, ndipo mayankhidwe anga adzakhala ena. Koma pamenepo wopita naye nkhani ndi amalume ako aja anakaonekera, akakambe ndi akuchikazi mwaulemu. Sungathetse chinthu chimene akuluakulu anachidziwa chifukwa cha chithunzi cha magetsi achikasu.

Anzako a kuntchito aja uwasiye kaye. Ndani mwa iwo anamuona mzunguyo? Akungotafuna nkhani yako pothira shuga mu tiyi wa pa buleki, ndipo ukadzathetsa ndi omwewo adzanene kuti unali wopusa kutaya mkazi wotere. Mwinanso mmodzi mwa iwo adzakupempha nambala yake. Za mtima wako uzikamba ndi munthu mmodzi wokhwima maganizo, osati sitafu rumu yonse.

Mayi ako ndiye usawachedwetse. Mayi akayamba kukayikira mpongozi asanalowe pakhomo, kudzachotsa maganizo amenewo n'kovuta, ndipo amene wawapatsa chithunzicho popanda kufotokoza ndi iwe. Pita ukakhale nawo pamkeka, utenge foni yawo ija amalandirira ndalama, uwauze kuti m'kati mwake muli tizinthu tosaoneka timene timaiyendetsa, ndipo mpongozi wawo ali m'gulu la anthu otikonza. Uwauze kuti chovalacho ndi cha ukhondo, monga amavalira adokotala ku fiyeta, ndipo mpingo wake ukadali womwe uja. Kenako muimbireni limodzi tsiku limene sali kuntchito, amuone nkhope, amufunse okha ngati akudya bwino. Iyenso umunong'oneze kuti tsiku limenelo adziphode pang'ono, mayi asadandaule kuti mwana akuvutika kunja.

Tsiku la chinkhoswe likadziwika unditumizire uthenga nthawi ikadalipo, ndisoketse chitenje. Ndipo uwauze a ku khitchini kuti Azakhali nkhuku yoyera ija sadya, andisungire ya lokolo.

Ndine Azakhali ako.